Mbuzi ya Mlendo Wosadya Nyama

Ku Mlare konse, m'boma la Karonga, kunalibe munthu wina wokama mbuzi koma Hilda NyaKayira yekha, ndipo anthu sankamulola kuti aiwale zimenezi. M'dziko la ng'ombe, kumene mwana amakulira chambiko, mayi wamkulu ndithu n'kumagwada kumbuyo kwa mbuzi ndi kabakuli m'manja! Amayi opita kumadzi ankachedwa dala pampanda wake kuti aonerere. Ena ankamufunsa ngati chaka chamawa adzayambe kukama nkhuku.

Hilda sankayankha. Utsikana wake wonse anauthera m'khitchini ya masisitere achizungu kumishoni ina ya kumapiri, ndipo kumeneko anaphunzirako zinthu ziwiri: kukama mbuzi ndi kusayankha anthu. Komatu sankakama chifukwa chofuna chizungu. M'nyumba mwake munali Emma, mdzukulu wake, amene mayi ake anamwalira iye asanayambe n'kukwawa komwe. Mkaka wa ng'ombe unkamukana mwanayo. Akangoulawa, m'mimba munkatseguka mpaka maso kulowa m'kati. Wa mbuzi wokha ndiwo unkakhazikika, moti Emma anaimirira, anayenda, anayamba kutchula mawu, zonsezo pamkaka wa mbuzi imodzi yoyera ya khutu lakuda imene Hilda anaitcha Sisita. M'mawa uliwonse mwanayo ankatenga kakapu kake kachitsulo n'kukaima pakhomo pa khola.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wagula khadi asanaganize za mchere. Tcheyamani wa nthambi ya chipani kumeneko anali a Zebedee Msukwa, bambo wokonda alendo kwambiri, makamaka akamalandiridwa ndi ziweto za eni ake. Katonde ka Sisita kanali katapita kale mwa njira yomweyo, pamsonkhano wina umene Hilda sanamve n'komwe kuti unkakamba chiyani. Ndiye tsiku limene anawaona a Zebedee akutsamiritsa njinga pamtengo wa mango pabwalo pake, anadziwiratu chimene abwerera.

"Monire, NyaKayira," anapereka moni a Zebedee m'Chitumbuka.

"Yewo, adada. Mpando uwu."

"Sindikhalitsa. Kukubwera mlendo wa boma, mzungu, dzina lake Reginald. Akudzaona malo oti atikumbire mjigo. Nyumba iliyonse iperekepo kanthu. Inu tikudziwa kuti nkhuku zinatha ndi chitopa."

Polankhula zonsezi maso awo sanali pa Hilda. Anali kukhola.

"Adada, yayi," anatero Hilda motsitsa mawu. "Imeneyo ndiye nyina wa mwanayu."

"Mwana wa munthu, mayi wake mbuzi? Musamalankhule choncho, anthu angamve. Madzi a mjigowo adzamwa ndani ngati si mwana yemweyo? Chitukuko ichi, amama."

Liwu lakuti chitukuko masiku amenewo linkatseka pakamwa kuposa chikhatho. Wokana mphatso ya mlendo ankatchedwa wodana ndi chitukuko, ndipo wodana ndi chitukuko galimoto ya boma sinkasochera popita kwawo. Hilda anaomba m'manja n'kuthokoza. A Zebedee atachoka, analowa m'khola n'kukhala pansi pafupi ndi Sisita, ndipo analira ndithu.

Chipulumutso chinabwera mawa lake, chitavala tayi, thukuta lili kamukamu. Anali a Stephano, kalaliki wa boma wochokera ku Dedza, amene anali atakhala ku Karonga zaka zambiri koma Chitumbuka chawo chinkayambira pa "yewo" n'kuthera pomwepo.

"Amayi, ndili pamavuto," anatero atangokhala pansi. "Abwana aimba lamya. Akuti mzungu akubwerayu sadya nyama."

"Ya ng'ombe?"

"Iliyonse. Nkhuku ayi, nsomba ayi. Chilichonse chimene chinali ndi maso. Mazira ndi mkaka, zimenezo akuti amadya. Ndiye ine ndimupatse chiyani, chinangwa? Ndamva kuti inu munaphikirako azungu."

Hilda anayang'ana kukhola. Anaona njira yatseguka pamene dzulo panali khoma.

"Masisitere ankakonda timikate tina ta tchizi ndi anyezi, tophika mu uvuni. Ndingaphike. Koma tchiziyo imachokera ku mbuzi yamoyo, a kalaliki. Yakufa situlutsa mkaka."

"Ndiye basi! Mphatso yanu ikhale imeneyo. Ufa wa tirigu, majarini ndi mazira ndibweretsa ndine. A Tcheyamani ndikalankhula nawo."

Anakalankhula nawodi. A Zebedee anaseka mpaka kutsokomola.

"Munthu wosadya nyama? Akudwala? Ngwa mpingo uti?"

"Sadwala, a Tcheyamani. Amangoti nyama imamva kuwawa."

"Inu a kalaliki, sukulu munapita, koma alendo simuwadziwa. Mlendo woleredwa bwino amayamba wakana. 'Musavutike, ndadya kale.' Ndani sananenepo zimenezo m'mimba mukulira? Ameneyo wangotumiza ulemu patsogolo."

A Stephano, pofuna kuonetsa kuti za azungu amazidziwa, anafotokoza zambiri kuposa zimene anafunsidwa. Anati azungu patebulo amayamba ndi kachakudya kakang'ono kodzutsa mudyo, kenaka chakudya chenicheni chimabwera pambuyo, ndipo timikate ta NyaKayira tidzakhala koyambirako.

"Ehe!" anatero a Zebedee. "Ndiye kuti chenicheni chilipo."

"Mpunga ndi nyemba."

"Nyemba? Mlendo wa boma? Kuti a ku Chilumba akamve kuti ku Mlare tinamwetsa mzungu msuzi wa nyemba?" Anapukusa mutu, koma kenaka anakweza dzanja ngati munthu wotopa ndi ana. "Chabwino. Aphike timikate tawoto. Mbuzi ikhale kaye."

Liwu lakuti "kaye" a Stephano analisiya panjira. Kwa Hilda anangofikitsa lakuti mbuzi ikhale.

Tchizi imadya mkaka wambiri, ndipo mbuzi inali imodzi. Masiku otsatirawo kakapu ka Emma kankangofika theka. Mwanayo ankamwa, n'kusuzumira m'kapumo, n'kuyang'ana agogo ake, n'kusuzumiranso. Hilda zinkamupweteka kwambiri, koma ankadziuza kuti theka la kapu kwa masiku ochepa likugula kapu yodzadza ya chaka chonse. Mkaka wotsalawo ankaufunditsa pamoto wochepa, n'kufinyiramo mandimu mpaka utadukaduka. Ankauthira m'kansalu koyera, n'kumanga, n'kupachika kuphaso kuti madzi adonthe. Pomasula munkatsala kachibulumwa koyera kofewa, konunkhira mbuzi pang'ono, ndipo ankakathira mchere n'kukabisa mumphika woziziritsa kuseri kwa mtsuko.

M'mawa wa tsiku la mlendo anadzuka dzuwa lisanatenthe, poti majarini ndi kutentha kwa ku Karonga sizigwirizana. Anafikisa majariniyo mu ufa ndi nsonga za zala mpaka unakhala ngati mchenga, anadonthezamo madzi ozizira a mumtsuko, n'kuumba osakanda kwambiri. Anaupapatiza ndi botolo, n'kudula ndi kukamwa kwa kapu. Zikombole za masisitere analibe, ndiye anayala mtandawo m'tizitini todula pakati, tokwechedwa ndi phulusa mpaka kuwala. Anyezi anamukazinga pang'onopang'ono mpaka anafiira n'kuyamba kutsekemera. Anamuyala pansi m'tizitinimo, pamwamba anafumbutulirapo tchizi, anathira dzira lomenyedwa ndi mkaka wotsiriza wa m'mawawo, n'kumalizira ndi kachidutswa ka phwetekere ndi tsamba la mpungabwi. Uvuni wake unali mphika waukulu wachitsulo wokhala ndi mchenga pansi, makala kunsi, makala enanso pachivindikiro.

Fungo litatuluka, amayi aja ofunsa za kukama nkhuku anaimanso pampanda. Ulendo uno sanafunse kanthu, anangomeza malovu. Hilda anatenga kamkate kamodzi kamene kanapserera m'mbali, n'kukakulunga m'tsamba la nthochi kuti Emma adzadye madzulo. Totsalato anatiyala m'lichero, anavala chitenje cha chipani, anasiya mwana kwa mnansi, n'kulunjika kusukulu kumene kunali phwandolo.

Mzunguyo anafika dzuwa lili paliwombo, wamtali, wofiira ngati wapsa ndi madzi otentha, atavala nkhwaira ngati mphunzitsi wosauka. Anamukhazika pampando wa ahedi pansi pa mtengo. Amayi anavina, ana anaimba, a Zebedee analankhula za umodzi ndi kumvera mpaka mthunzi unasuntha, ndipo a Stephano ankamasulira mofupikitsa chifukwa chomumvera chisoni mlendoyo. Kenaka lichero linabwera.

Reginald anatenga kamodzi mwaulemu chabe, monga munthu amene wadyetsedwa zodabwitsa zambiri m'maulendo ake. Analuma. Anasiya kutafuna. Anatseka maso. Anatenga kachiwiri osafunsa, kachitatu, ndipo pofika kachisanu nyenyeswa zinali mundevu zake. Analankhula Chingerezi chothamanga.

"Akuti chichokereni kwawo sanadye chinthu chokoma chonchi," anamasulira a Stephano, nkhope ili ngwee. "Akufunsa kuti tchiziyi mwaigula kuti."

Hilda anagwada chapatali. "Sindinagule, bwana. Ndi ya mbuzi yanga."

Mzunguyo atamva anamenya ntchafu yake, n'kunenanso zina.

"Akuti akufuna kuiona mbuziyo."

Mtima wa Hilda unadumpha ndi chimwemwe. Anaganiza kuti mbuzi imene mzungu wa boma waiyamikira pagulu, ndani angaikhudzenso? Ngakhale a Zebedee angaiope. Anathamanga ngati mtsikana, anamasula Sisita, n'kubwera nayo akuikoka ndi chingwe, mutu uli m'mwamba, kuti onse omuseka aja aone.

Anali atalowa kale pakati pa bwalo pamene anazindikira kuti anthu akhala chete. Amuna anali atavula zipewa. Akuluakulu anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, kuomba kuja kwa ulemu. Apo ndi pamene Hilda anadziona mmene anthu onsewo ankamuonera: mwini chiweto, chingwe m'manja, akuyenda kupita kwa mlendo wokhala pampando. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka sapatsidwa nyama imene sanaione nkhope. Amamuonetsa ili yamoyo, iye aigwire, athokoze, ndipo akathokoza ndiye kuti walandira, chotsala ndi mpeni. Mwambo umenewu Hilda ankaudziwa chibadwire, koma chimwemwe chinali chitamuiwalitsa. Kubwerera sakanatha, pakuti maso onse anali pa iye.

Reginald anadzuka pampando n'kugwada pafumbi, thalauza lake loyera lomwelo. Anaisisita Sisita pamsana, anaikanda pachipumi, anagwira khutu lakuda lija n'kuseka. Mbuziyo inamunyambita mchere wa m'zala. Ndiyeno, pofuna kusangalatsa anthu, mzunguyo anatulutsa mawu awiri othokoza a Chitumbuka amene anaphunzira m'galimoto pobwera.

"Yewo chomene!"

Nthungululu zinang'amba bwalo lonse. A Zebedee anabwera akumwetulira, n'kutenga chingwe m'dzanja la Hilda mofatsa, chala chimodzichimodzi.

"Mlendo walandira," analengeza. "Ndinanena ine."

Hilda anakwawira kwa a Stephano n'kuwagwira mwendo wa thalauza. "A kalaliki, muuzeni. Muuzeni msanga. Iye sakudziwa."

A Stephano anayang'ana mzunguyo, amene ankapukuta m'manja mokondwa. Anayang'ana a Zebedee. Anayang'ananso anyamata a chipani a malaya ofiira amene anali atazungulira kale mbuziyo. Iwo anali munthu wobwera, wokhala m'nyumba ya boma, wa ana asanu, ndipo ankadziwa chimene chimachitikira kalaliki wotsutsa tcheyamani pamaso pa mzungu.

"Ndinena, amayi," ananong'ona. "Ndipeze kaye mpata."

Mpatawo sunapezeke. Mlendo anatengedwa kukaona malo a mjigo kudambo, ndipo womasulira anayenera kupita naye. Amayi onse ovala chitenje cha chipani anaitanidwa kuti amuperekeze ndi nyimbo, ndipo wina anamukankhira Hilda mumzere. Anaimba. Anaomba m'manja. Mapazi ake anaponda monga ankapondera a anzake. Atafika pamphambano, kuseri kwa sukulu kunamveka kulira kumodzi, kwakutali, kwa mawu amene iye ankawadziwa kuposa a munthu aliyense ku Mlare. Ng'oma zinakwera, ndipo sikunamvekenso kanthu.

Pobwerako tebulo linali litadzadza. Panali mpunga, panali nyama yootcha, panali mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa ndi nyama, zosambira m'mafuta. Nyemba zinalipo m'kambale kakang'ono kumapeto, ngati wachibale wosauka. Reginald anayang'ana nyamayo, anamwetulira, n'kupukusa mutu. Anafunsa kanthu.

"Akufunsa kuti ndi nyama yanji," anatero a Stephano chapansipansi. Sanadikire yankho la wina aliyense. Anatembenuka n'kumuuza mzunguyo m'Chingerezi kuti ndi ng'ombe.

"Mpatseni chiwindi," anatero a Zebedee.

Mlendo anakana.

"Mwaona kuleredwa? Kachiwiri kameneko. Mpatseninso."

Mlendo anakananso, dzanja lili pachifuwa, n'kudzikokera kambale ka nyemba. A Zebedee anadikira mpaka kukana kwachitatu, kwachinayi, ndipo nkhope yawo inayamba kuonetsa kudabwa kwenikweni. Kwa kamphindi zinaoneka ngati chinthu china chikufuna kuwalowa m'mutu. Koma fungo la nyama linali pafupi kwambiri.

"Azungu ulemu wawo ndi wautali," anatero potsiriza. "Ifeyo tisamuchititse manyazi mlendo. Nyama yake isabwerere kukhitchini."

Akomiti anagwira ntchito imeneyo mokhulupirika. Sanasiye ngakhale msuzi.

Galimoto itayamba kulira, Reginald anakana kukwera asanaonane ndi mayi wophika uja. Anamupeza Hilda atakhala pansi kumbuyo kwa gulu, lichero lili pamiyendo. Anamugwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kulankhula nthawi yaitali, maso ake ali odzala ndi kukoma mtima. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezo ndizo zinkamupweteka Hilda koposa. A Stephano anamasulira akuyang'ana nsapato zawo.

"Akuti mbuzi ija muisamalire kwambiri. Akuti mkaka wa mbuzi ndi wabwino kwa ana aang'ono, makamaka amene wa ng'ombe umawakana. Akuti akakauza akuluakulu kuti amayi a kuno aphunzire kwa inu. Akuti akadzabwera kudzatsegulira mjigo, mudzamuphikirenso."

Woyamba kuomba m'manja anali a Zebedee, mafuta akunyezimira pachibwano. Anakweza mawu kuti onse amve, n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo nthambi ya Mlare ikhala patsogolo pa kukama mbuzi, ndipo mayi aliyense woseka NyaKayira adzayankha kukomiti. Nthungululu zinamvekanso.

Mzunguyo anali akadagwirabe dzanja la Hilda, kudikira kuti anenepo kanthu. Hilda akanatha kuloza kuseri kwa sukulu, kumene chikopa choyera chinali chitakhomedwa kale pansi ndi zikhomo. Anayang'ana anyamata a malaya ofiira, n'kukumbukira mwana amene anamusiya kwa mnansi, amene analibe wina womulera.

"Yewo, bwana," anatero.

Mwambo a Zebedee ankausunga, zimenezo tisawanamizire. Dzuwa lisanalowe anatumiza mwendo wakutsogolo kwa mwini chiweto, wokulungidwa bwino m'masamba a nthochi. Hilda anaulandira ndi manja awiri, n'kukaupereka kwa mnansi osaumasula. Kenaka anatulutsa kamkate kopserera kaja n'kumupatsa Emma. Mwanayo anadya konse, anatola nyenyeswa pamphasa, ndipo m'mimba simunavute ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake Hilda anachedwa kudzuka, chinthu chimene sanachitepo. Anagona chopenya, akumva tambala wa eni ake, akumva amayi akudutsa kupita kumadzi osaima pampanda. Kenaka anamva timapazi pansi, ndi kachitsulo kakugunda pachitseko. Atasuzumira panja, Emma anali ataima kale pakhomo pa khola, kakapu kali m'manja onse awiri.

"Sisita," anaitana mwanayo. Anadikira pang'ono, n'kuitananso.